Tsiku Limene Amayi Anatseka Makatani

Mumsewu wa kwathu ku Dokkum munthu satseka makatani masana. Ukamadutsa umaona zonse: amene akudya, amene akusita, amene wagona pampando kukamwa kuli yasa. Amayi anga akhala m'nyumba ya pakona ya msewuwo chikwatiwireni, ndipo makatani awo a pabalaza anali ongokongoletsa basi, omangidwa m'mbali ndi tizingwe. Ankati munthu akatseka makatani dzuwa likuswa mtengo ndiye kuti m'nyumbamo mwagwa maliro, apo ayi ali ndi chobisa.

Bambo atamwalira chaka chatha, nyumbayo inangoti zii. Bambo anali munthu wolongolola, Mulungu awakhululukire. Ankakhala pampando wawo wofiirira, kumbuyo kwa Amayi, n'kumathira nkhani za mpira, za nyengo, za nsomba zikuluzikulu zimene akuti anatsala pang'ono kugwira m'ngalande. Amayi ankangosenda mbatatesi patebulo la pazenera, osacheuka n'komwe, n'kumati, "Bodza limenelo, Siebe." Tsopano mpando unalipo koma wolongolola panalibe.

Ine ndimakhala ku Leeuwarden, ndimagwira ntchito mufamase, mogulitsira mankhwala, ndipo ndine munthu wosakonda kudikira kuti zinthu ziyambe zaipa. Choncho ndinali nditayamba kale kuwanyengerera Amayi kuti asamukire kunyumba yosungirako okalamba imene ili pafupi ndi kwanga. Yankho lawo linali limodzi nthawi zonse.

"Ndidzatuluka muno mutu ukadzasiya kugwira. Zimenezo zisanachitike, undisiye."

Tsiku lawo lobadwa litayandikira, ndinakangana ndi mchimwene wanga Douwe pa nkhani ya mphatso. Douwe ndi wamng'ono kwa ine. Amayendetsa thiraki yonyamula maluwa kupita ku Spain, ndipo m'makutu mwake simusowa kanthu.

"Tiwagulire timahedifoni topanda waya," anatero pafoni. "Tija tongolowetsa m'khutu, foni ili m'thumba."

"Amayi? Iwe mutu wako ukuyenda bwino? Munthu amene amasakasaka magalasi ali pamphuno, ndiye umupatse tinthu tating'ono ngati nyemba? Timeneto tigwera musupu tsiku loyamba lomwelo."

"Chabwino achemwali anzeru, inuyo mukuti bwanji?"

"Katabuleti kakang'ono, kokwana m'chikwama. Zilembo zikuluzikulu, zithunzi za adzukulu, aziona ngati kukubwera mvula asanayanike zovala. Ndipo ndikaimba ndiziwaona nkhope."

"Ehe, pamenepo ndiye mwaulula. Mukufuna kuika wapolisi m'khitchini mwa Amayi."

"Usandiyankhule choncho iwe. Nyemba zakozo n'zofunika kutchaja tsiku ndi tsiku, kamodzi kakasowa kanzake kamasanduka zinyalala."

"Tabuleti yanuyonso imatchajidwa, simayendera mphepo. Ndipo imafuna manja awiri ndi mpando. Munawaonapo liti Amayi atakhala pansi manja ali chete?"

Pa mtengo sitikanakangana, chifukwa zinthu ziwirizi zinali zosasiyana kwenikweni. Pamapeto pake palibe anagonja. Aliyense anakagula chake, ndipo ine ndinakulunga changa m'pepala lokongola kwambiri, dala, kuti cha Douwe chioneke chamanyazi.

Pa tsikulo mipando inazungulira pabalaza monga mwa nthawi zonse. Monga mwa mwambo wa kwathu, aliyense wolowa anayenda bwalo lonse kugwira anthu chanza, uyu kumufunira zabwino chifukwa cha amayi ake, uyo chifukwa cha aneba ake, mpaka khofi anazizira. Panali azakhali, asuweni, ndi Mayi Postma a tsidya lina la msewu, amene zenera lawo limayang'anizana ndi la Amayi. Keke itadyedwa, Amayi anatsegula mphatso zathu, n'kuziika zonse ziwiri pamiyendo.

"Ziwiri? Mutu ndili nawo umodzi inetu."

"Chimodzi ndi cha maso, china cha makutu," anatero Douwe.

"Ndi kuwononga kumeneku. Bambo wanu akanakhalapo bwenzi atakomoka. Ndiziyesa zonse, ndiye chimene chindikanike chibwerera kusitolo nthawi yobweza isanathe. Mwasunga mapepala ake?"

Tonse tinali titasunga. Ndife ana awo.

Masabata otsatirawo ndinkayenda ndi mapewa m'mwamba. Lamlungu lililonse masana ndinkaimba, ndipo Amayi ankaoneka pa tabuleti atakhala mowongoka, tsitsi lopesa bwino, tabuletiyo itatsamira chitini cha shuga.

"Mankhwala a m'mawa mwamwa?"

"Ndamwa."

"Tatembenuzani ndione mufiriji. Mkaka umenewo ndi wa liti? Nanga pajuzipo n'chiyani, supu?"

"Ndi duwa, Renske. Juziyi inasokedwa choncho."

Sitinkachedwa pafoni, koma ine ndinkakhutira. Chimene chinkandikoma kwambiri chinali kabokosi koyera ka Douwe, kamene ndinkakaona kumbuyo kwawo pashelefu, pafupi ndi wotchi, kali chitsekere. Nditawafunsa za nyembazo anangoti, "Zili apo." Ndinamutumizira Douwe uthenga womuuza kuti ayambe kufunafuna pepala lake la kusitolo. Iye anangobweza kankhope koseka, ine n'kumati mwanayu waphunzira kuluza mwaulemu.

Ndiye tsiku lina ndili pantchito anaimba Mayi Postma.

"Renske mwanawe, ukundidziwa ine, si ine munthu wosuzumira m'nyumba za eni."

Mpando wa mayi amenewa unaikidwa moyang'ana pazenera kuyambira ndili kusukulu ya mkaka, ndipo sunasunthepo. Koma ndinati, "Ndikudziwa, Mayi Postma."

"Mayi ako akuyankhula okha. M'mawa uliwonse. Poyamba ndimati akuimba, koma munthu woimba sadikira yankho. Iwowa amayankhula, kukhala chete, kenako kuseka mpaka kugwira tebulo. Dzulo analoza mpando wa malemu bambo ako ndi kampeni, uku akupukusa mutu. M'nyumbamo mulibe munthu, ndayang'ana bwinobwino. Ndinachita kudutsa kawiri ndi galu."

Mufamase ndimaona anthu otere sabata iliyonse, ana awo atawagwira mkono, ndipo ndimadziwa mmene zimayambira. Za nyemba za Douwe sindinaganizeko n'komwe. Si zinali m'kabokosi pashelefu? Tsiku lomwelo ndinaimba kunyumba ya okalamba kuja, ndipo anandiuza kuti pali chipinda chimene chatsala pang'ono kukhala chopanda munthu. Ndinawauza kuti andisungire.

M'mawa mwake ndinapita ku Dokkum osawauza Amayi. Galimoto ndinaisiya kuseri kwa tchalitchi, n'kudzera njira ya kumbuyo mpaka kwa Mayi Postma. Awiriwiri tinakabisala kuseri kwa mpanda wawo wa timitengo, ine mayi wa ana awiri, iwo gogo wa ndodo, titawerama ngati akuba nkhuku.

Zonse zinali monga ananenera. Amayi anaima patebulo la pazenera akusenda mbatatesi, tsitsi lawo la imvi litagwera m'masaya, pakamwa pakuyenda. Anakhala chete pang'ono ngati akumvetsera. Kenako anaponya mutu kumbuyo n'kuseka, kuseka kwenikweni, kumene ndinali ndisanakuone chimwalirireni Bambo. Atatha anatembenukira kumpando wofiirira uja n'kugwedeza kampeni. Ndinamva chisoni, komanso, ndinene zoona, ndinamva kukoma pang'ono kuti ndinali nditaneneratu.

"Waona?" ananong'oneza Mayi Postma. "Ndimanama ine?"

Ndinatulutsa foni n'kumuimbira Douwe. Inaitana nthawi yaitali asanayankhe, ndipo atayankha kunkamveka kulira kwa injini.

"Achemwali, ndikuyankhula ndi munthu wina. Tadikirani ndimuimike kaye." Panamveka kaphokoso, iye akudinadina. "Eya, nenani msanga."

"Douwe, imika thirakiyo pambali, nkhani yake si yabwino. Amayi mutu wayamba kusokonekera."

"Chiyani?"

"Ndikuwaona ndi maso angawa. Akuyankhula ndi mpando wa Bambo, akuseka okha. A Postma akuti ndi tsiku lililonse. Usandidule! Ndayankhula kale ndi a kunyumba ya okalamba, chipinda chilipo. Chatsala n'kuwanyengerera basi. Tiwauza kuti akungopita kukapuma masabata ochepa, ndiye akakazolowera, nyumbayi tigulitsa."

"Renske," anatero Douwe. Akanditchula dzina ndiye kuti zinthu zavuta. "Renske, takhalani chete kaye. Ndikuganiza kuti ndadina polakwika."

Kutsidya kuja Amayi anali atasiya kusenda. Anaika kampeni patebulo pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa epuloni. Kenako m'khutu mwanga, mufoni yangayanga, munamveka mawu achitatu, odekha bwino.

"Renske, tuluka kuseri kwa mpanda wa a Postma. Chipewa chako chofiiracho chikuoneka."

Ndinadzuka. Amayi anafika pazenera penipeni, anakweza tsitsi ndi zala mbali zonse ziwiri, n'kutembenuza mutu uku ndi uku kuti ndione bwino. M'khutu lililonse munali kanyemba koyera.

"Amayi, ine ndimaganiza kuti..."

"Ndamva zimene umaganiza. Ndamvanso za nyumba. Timahedifoni timeneti timamveka bwino kwabasi, Douwe, sunaname."

"Pepani Amayi, ndimafuna kukuimikani kaye, osati kukulumikizani," anatero Douwe ali kutali uko pamsewu wa ku France. "Zala zangazi n'zazikulu."

Amayi anapita kumanzere kwa zenera n'kumasula kachingwe. Anapita kumanja n'kumasula kena. Makataniwo, amene chipachikireni anali asanayendepo, anayamba akanira, koma Amayi anawakoka mwamphamvu, fumbi n'kuti kobo, mpaka anakumana pakati. Foni inaduka.

"Mayo ine," anatero Mayi Postma atagwira pachifuwa. "Masana ano?"

Ndinathamangira kuchitseko. Kiyi ndinali naye, koma mkati anali atakoloweka tcheni. Ndinagogoda, ndinaitana, ndinapepesa kudzera pa kabowo koponyera makalata.

"Pita kwanu," anayankha ali mkati. "Wamisala akupuma."

Makataniwo anakhala chitsekere masiku angapo, ndipo msewu wonse unasokonezeka. Bambo wina wokalamba wa kumapeto kwa msewu ankavula chipewa akamadutsa. Wina anasiya poto wa supu wa nsawawa pakhomo. Mayi wa kobekera buledi anandiimbira kundipepesa, n'kufunsa kuti mwambo wa maliro udzakhala liti. Ngakhale abusa anabwera pa njinga atavala zakuda, ndipo akuti Amayi anawatsegulira atavala epuloni, n'kuwauza kuti akamwalira adzawadziwitsa okha. Mayi Postma ndiye anavutika kuposa tonse. Anandiuza kuti sakudziwa koyang'ana, mpaka anayamba kuonera wailesi ya kanema masana.

Ine sindinkaseka. Ndikaimba pa tabuleti sinkayankhidwa. Ndikaimba pafoni, chimodzimodzi. Ndinkagwira ntchito mtima uli kwina, moti mnzanga wa mufamase anandichotsa pakauntala n'kundituma kukasanja makatoni. Sindinkaopanso kuti Amayi akudwala. Ndinkaopa kuti sadzandiuzanso kanthu moyo wawo wonse, ndipo akanakhala ndi chifukwa chomveka.

Ndinamuimbira Douwe, ulendo uno nditayamba ndafunsa ngati ali yekha.

"Ali bwinobwino," anatero. "Lero amaphika maapozi."

"Ndiye kuti iwe akukuyankha?"

"M'mawa uliwonse ndikakhala pamsewu. Ine ndili pachiwongolero, iwo ali pa mbatatesi zawo. Tinayamba sabata yomwe ija ya tsiku lobadwa."

"Mumakambirana chiyani nthawi yonseyo?"

"Palibe. Ine sindiwafunsa kanthu. Ndimangowauza zimene ndikuona. Ng'ombe za ku France, wapolisi wa ndevu mpaka pamimba, mzimayi amene anandigulitsa nsomba yaikulu ngati chitseko. Iwo amangoti, 'Bodza limenelo, Douwe.'"

Ndinakumbukira Bambo ndi nsomba zawo za m'ngalande.

"Nanga kabokosi kaja? Lamlungu lililonse kanali pashelefu."

"Kabokosi kamakhala pashelefu, achemwali, ndi motchajira. Lamlungu ankazibwezeramo musanaimbe. Amati mukadziwa mukhumudwa, poti munakulunga yanu ija m'pepala lodula."

"Ndiye tabuleti yanga sankaigwira n'komwe?"

"Amaigwira. Amaonerapo mvula, ndipo zithunzi za ana anu amaziyang'ana mpaka batire kutha. Chimene sakonda n'choti ikalira amayenera kupesa tsitsi ndi kubisa mkaka."

Ndinamutukwana pang'ono, poti ndi mchimwene wanga wamng'ono ndipo ankanena zoona. Nditadula ndinaimba kunyumba ya okalamba n'kuwauza kuti chipinda chija apatse wina, kenako ndinamutumizira Douwe uthenga womudziwitsa.

Loweruka m'mawa ndinabwereranso ku Dokkum. Galimoto ndinaiimika poonekera, ndipo chipewa chofiira ndinachisiya kunyumba. Nditakhota pakona ndinaona anthu atatu ataima panjira kutsogolo kwa nyumba ya Amayi, mmodzi ali ndi njinga m'manja, onse akuseka. Makatani anali otsegula, omangidwanso ndi tizingwe tawo. Pazenera, pakati pa miphika iwiri ya maluwa, panaima tabuleti yanga itayang'ana kumsewu. Amayi anali atapeza pokulitsira zilembo, ndipo anazikulitsa mpaka pomaliza.

NDILI PAFONI. MUTU ULI BWINO. MONI MAYI POSTMA.

Kutsidya, Mayi Postma anali pampando wawo, ndipo atandiona anakweza kapu ya khofi. Nkhope yawo inali ya munthu amene wachira.

Kumbuyo kwa tabuletiyo Amayi anali patebulo akukanda ufa, atawerama osayang'ana kunja. Sindinagogode. Ndinaima panjira pomwepo n'kuimba foni. Ndinawaona akupukuta chala chimodzi pa epuloni n'kugwira khutu.

"Ndani?"

"Ndine, Amayi."

"Ndikudziwa. Ndakuona ukukhota pakona."

"Chipinda chija ndachikana."

"Douwe wandiuza."

"Pepani, Amayi. Ndinachita mantha. Munkaloza mpando wa Bambo."

"Nanga ndiloze kuti? Munthu wabodza akamayankhula, dzanja langa limapita komweko lokha." Anatembenuza mtanda wa ufa n'kuumenya. "Kuchita mantha sindikukuletsa. Koma ukanagogoda n'kundifunsa, osati kukagwada m'maluwa a eni."

Anthu aja anali atapita. Ndinayang'ana zilembo zija, n'kupukuta mphuno.

"Ndiye mwasankha chiti? Chobwerera kusitolo?"

"Palibe chobwerera. Nyembazi ndi zanga. Tabuleti ndi ya msewu, madzulo ndimaibwereka kuti ndione adzukulu anga ndi mvula ya mawa. Umuuze Douwe kuti palibe wapambana, asayambe matama."

"Ndilowe?"

"Tcheni ndachotsa. Koma ufike mwaulemu. Firiji usaiyandikire, juzi yanga usaiyang'ane."

Ndinalowa. M'nyumba munkanunkhira maapozi ndi sinamoni. Ndinavula jekete, n'kuima pakati pa balaza osadziwa chochita ndi manja anga, chifukwa masiku onse ndikalowa m'nyumba imeneyi ndimayambira kufiriji. Amayi anachotsa nyemba zija m'makutu, kamodzikamodzi, n'kuziika m'thumba la epuloni. Sanacheuke.

"Khala apo," anatero, akuloza kumbuyo ndi chigongono.

Panali pampando wofiirira. Ndinakhalapo koyamba chimwalirireni Bambo. Unali wofewa kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ukakhalapo umaona msana wa Amayi, zenera, ndi msewu wonse.

"Tsopano ndiuze nkhani."

Funso la mankhwala linafika pamilomo, ndinalimeza. Ndinafunafuna m'mutu, ndipo ndinapeza kuti nkhani ndilibe. Zaka zonsezi ndinkabwera ndi mafunso okhaokha.

"Lachiwiri kufamase kunabwera bambo wina ndi galu," ndinayamba mokayika. "Amafuna mankhwala a chifuwa."

"A galuyo?"

"A iwowo. Koma galuyo ndi amene ankatsokomola. Bamboyo akati ayankhule, galu khoo! Ndiye ndinawafunsa kuti wodwala ndani pamenepa." Amayi anachepetsa kukanda. Ndinaona kuti akumvetsera, ndipo ndinalimba mtima. "Galu wake sanali wamasewera, Amayi. Wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Anaika miyendo pakauntala, n'kutenga pepala la adokotala pakamwa, n'kundipatsa yekha. Potuluka anachita kugwira chitseko kuti mayi wina wa ndodo adutse."

Mapewa a Amayi anayamba kugwedezeka. Anatola mpeni wa buledi, n'kuuloza kumbuyo kumene ndinakhala, osacheuka n'komwe.

"Bodza limenelo, Renske."